Manja Amene Anagwira ku Genoa ndi Omwe Anaphonya ku Orlando



Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa bwalo madzulo a Lamulungu, anyamata ali kugawana matimu, adziwa m'mene nkhani ya pagolo imathera. Onse amafuna kusewera kutsogolo. Pagolo amakankhirapo wamng'ono kopambana onse, kapena amene wafika mocedwa, kapena amene wabwera wopanda nsapato. Anawo sapusa ayi. Anaona kale kuti wakutsogolo angathe kuphonya kasanu, koma akangomwetsa cigoli cimodzi anthu amamunyamula pamapewa, pamene goloboyi angathe kugwira mipira khumi, koma umodzi ukampulumuka ndi womwewo umene udzakambidwa pamsika sabata yonse.

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za munthu amene anaima pamalo ovuta amenewa zaka 17 pa timu imodzi, nalawa zonse ziwiri, ulemu ndi manyazi, dziko lonse lapansi likupenya. Dzina lake ndi Patrick Bonner, koma kwawo ku Ireland ndi ku Scotland amangomuti Packie.

Mwana wa ku Donegal

Bonner anabadwa pa 24 May, 1960, pafupi ndi doko la asodzi la Burtonport m'boma la Donegal, kumpoto cakumadzulo kwa Ireland. Dera limeneli ndi la miyala ndi mphepo ya kunyanja, ndipo kuyambira kale amuna ambiri akumeneko ankaoloka nyanja kupita ku Scotland kukafuna nchito, ena yokumba mbatata m'minda, ena yoboola mapiri. Pobwerera kumudzi ankabwera ndi ndalama zocepa ndi cikondi cacikulu pa timu imodzi ya mumzinda wa Glasgow, yochedwa Celtic.

Cikondi cimeneci cinali ndi gwero lake. Timu ya Celtic inayambitsidwa mu November 1887 mu holo ya parishi ya St Mary's ku Glasgow, ndipo amene anatsogolera anali Brother Walfrid wa cipani ca Marist, mbadwa ya ku Sligo ku Ireland komweko. Colinga cake cinali cakuti ndalama za pakhomo zizigula cakudya ca ana a anthu osauka, amene ambiri mwa iwo anali ocokera ku Ireland. Motero kwa mwana wa ku Donegal, kusewera mu Celtic kunali ngati kukalowa m'nyumba ya abale.

Packie anakula akusewera ndi mbale wake Denis, amene anabadwa naye mapasa, m'timu ya kumudzi ya Keadue Rovers. Ankaseweranso mpira wa makolo a ku Ireland, umene amaloleza kugwira ndi manja ndi kulumphira mipira ya m'mwamba, ndipo luso limeneli linamthandiza pagolo. A Sean Fallon, amene ankafunafuna anyamata aluso m'malo mwa Celtic, anamuona, ndipo mu May 1978, asanakwanitse zaka 18, anasaina. Iye ndiye anali wosewera wotsiriza kulembedwa ndi a Jock Stein, mphunzitsi amene anapatsa Celtic cikho ca ku Ulaya mu 1967.

Masewera ake oyamba m'timu yaikulu anali pa 17 March, 1979, polimbana ndi Motherwell, tsiku limene Aairishi amakumbukira Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko lawo. Mu 1980 analowa m'malo mwa Peter Latchford nakhala goloboyi woyamba, ndipo ali pagolo Celtic inatenga ligi ya Scotland mu 1981, 1982, 1986 ndi 1988.

Koma onani m'mene anayambira m'timu ya dziko lake. Anavala malaya a Ireland koyamba pa 24 May, 1981, tsiku lenileni limene anakwanitsa zaka 21, ndipo Poland inamumwetsa zigoli 3 kwa 0. Mphatso ya tsiku lobadwa inali imeneyo. Akuluakulu anati wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo mnyamatayo anaphunzira msanga mtundu wa banja limene anakwatirako.

Tsiku la ku Stuttgart

Mu 1986 a Jack Charlton, Mngelezi amene anatenga Cikho ca Dziko Lonse ndi England mu 1966, anakhala mphunzitsi wa Ireland. Iwowa sankakonda mpira wopatsirana kumbuyo. Ankafuna kuti goloboyi azimenya mpira wautali kufika kufupi ndi golo la adani, anzake nathamangira komweko kukapanikiza. Bonner, munthu wamtali ndi wa mwendo wamphamvu, anali woyenera nchito imeneyi.

Mu 1988 Ireland inafika kwa nthawi yoyamba ku mpikisano waukulu, wa maiko a ku Ulaya, umene unacitikira ku West Germany. Masewera oyamba, pa 12 June mumzinda wa Stuttgart, anali olimbana ndi England, dziko limene linalamulira Ireland zaka mazana ambiri. Ray Houghton anamwetsa ndi mutu patangopita mphindi 6. Zitatero Angelezi anakhamukira ku golo la Ireland mpaka mapeto. Patsogolo pawo panali Gary Lineker, amene anaposa onse kumwetsa zigoli pa Cikho ca Dziko Lonse ca 1986, ndipo anapeza mipata ingapo yoti pa tsiku lina akanamwetsa. Bonner anachinga yonse, ina ndi manja, ina ndi miyendo, ina ndi thupi. Masewera anatha 1 kwa 0, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lake linadziwika m'nyumba iliyonse ya ku Ireland.

Masabata 6 pakati pa Glasgow ndi Genoa

Anthu ambiri akamakamba za Bonner amayambira ku Genoa. Ife tiyambira m'mbuyo pang'ono, pakuti zimene zinacitika ku Genoa sizimveka bwino popanda zimene zinacitika ku Glasgow.

Pa 12 May, 1990, Celtic inakumana ndi Aberdeen m'masewera otsiriza a cikho ca Scottish Cup pa bwalo la Hampden. Palibe amene anamwetsa, motero anapita ku mapenate. Timu iliyonse inamenya mapenate 10, Aberdeen nipambana 9 kwa 8. Bonner sanagwireko ngakhale imodzi, ndipo kambiri ankadziponya mbali ina mpira ukupita mbali ina. Munthu wa zaka pafupifupi 30, wodziwika ku Ulaya konse, anaturuka m'bwalo ngati mwana wophunzira kumene.

Apa ndi pamene tiona mtima wake. Akanatha kunena kuti penate ndi mwai cabe, ndipo palibe akanamtsutsa. Golo ndi lotambalala mamita 7.32 ndi lotalika mamita 2.44, mpira umaikidwa pa mtunda wa mamita 11, ndipo ukamenyedwa mwamphamvu umafika munthu asanathe kuganiza. Koma iye, atafika ku kampu ya Ireland, anakhala pansi ndi Gerry Peyton, goloboyi waciwiri amene ankadikira malo ake omwewo, nayamba kuphunzira naye m'mene kaimidwe ndi kathamangidwe ka womenya kamaululira mbali imene mpira udzapita. Timuyamikirenso Peyton pamenepa. Si onse amene angathandize munthu amene wawatsekera njira.

Ku Italy, Ireland inalepherana ndi England 1 kwa 1, ndi Egypt 0 kwa 0, ndi Netherlands 1 kwa 1, ndipo zigoli zonse ziwiri zinayambira pa mipira yaitali yocokera ku phazi la Bonner. Pa 25 June anakumana ndi Romania mumzinda wa Genoa, m'ndime ya matimu 16. Mphindi 120 zinatha popanda cigoli. Pa mapenate, Gheorghe Hagi ndi anzake atatu anamwetsa, nawonso Kevin Sheedy, Ray Houghton, Andy Townsend ndi Tony Cascarino anamwetsa. Zinali 4 kwa 4 pamene Daniel Timofte anaika mpira pansi. Bonner anadziponya kudzanja lake lamanja naukankha. David O'Leary anamwetsa yotsiriza, ndipo dziko laling'ono limene linali lisanafikepo ku Cikho ca Dziko Lonse linalowa m'ndime ya matimu 8.

Cithunzi ca Bonner akulumpha manja ali m'mwamba cinapacikidwa m'masitolo, m'masukulu ndi m'nyumba. Koma pa cithunzi cimeneci pali munthu wina amene sationetsa. Timofte anali mnyamata wa zaka 22 zokha, ndipo cimwemwe conse ca Ireland cinamangidwa pa cisoni cake. Dzina lake likachulidwa kunja kwa dziko lake, anthu amakumbukira mpira umodzi wokhawo. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Kwa Bonner mawa limenelo silinacedwe.

Ku Roma

A Charlton, ngakhale sanali Mkatolika, anali atalonjeza anyamata awo kuti akafika ku Roma adzapita nawo kukaona a Papa. Lonjezo linasungidwa, ndipo patapita masiku awiri cicokere ku Genoa timu yonse inaonekera pamaso pa a Papa John Paul II ku Vatican. A Papawo pa unyamata wawo ku Wadowice, m'dziko la Poland, ankaima pagolo, motero kukumana kwawo ndi Bonner kunali kwa anthu awiri odziwa nchito imodzi.

Pa 30 June, Ireland inakumana ndi eni ake a mpikisano, Italy, pa bwalo la Olimpico. Pa mphindi ya 38 Roberto Donadoni anamenya mpira wamphamvu ali patali. Bonner anaukankha, koma unagwera patsogolo pa Salvatore Schillaci iye ali dzandidzandi, ndipo Schillaci anauponya mu ukonde. Cigoli cimodzi cimeneco cinatsiriza ulendo. Anzake a m'timu amasimba mpaka lero kuti masewera atatha a Charlton anamseka Bonner kuti mpira umenewo ngakhale a Papa akanaugwira. Panali patangopita masiku 5 cigwirire penate ya Timofte.

Lamulo latsopano ndi dzuwa la ku Orlando

Mu 1992 akuluakulu a mpira anasintha lamulo, naletsa goloboyi kutola ndi manja mpira umene mnzake wam'bwezera dala ndi phazi. Anatero cifukwa pa mpikisano wa 1990 matimu ambiri ankataya nthawi pobwezera goloboyi, ndipo masewera a Ireland ndi Egypt amachulidwa kawirikawiri ngati citsanzo. Kwa anyamata ongoyamba kusinthaku kunali kopepuka. Kwa munthu wa zaka 32, amene moyo wake wonse anazolowera kuwerama ndi kutola, kunali ngati kuuza mlimi wokalamba kuti ayambe kugwira khasu ndi dzanja lina. Pa zaka zomwezo anataya malo ake ku Celtic kwa kanthawi, Gordon Marshall naima pagolo, ndipo mu 1994 mphunzitsi Lou Macari anamuuza kuti nchito yake pa timuyo yatha.

Anapita ku Cikho ca Dziko Lonse ca 1994 ku America ali ndi nkhani imeneyi mumtima. Pa 18 June, pa bwalo la Giants pafupi ndi New York, Ireland inabwezera Italy poigonjetsa 1 kwa 0, Bonner osalola cigoli. Koma pa 4 July, masana dzuwa likuswa mtengo mumzinda wa Orlando, anakumana ndi Netherlands m'ndime ya matimu 16. Dennis Bergkamp anamwetsa coyamba. Cigawo coyamba cili pafupi kutha, Wim Jonk anamenya mpira ali patali, mpira wolunjika kwa goloboyi, wa mtundu umene Bonner anagwirapo kosawerengeka. Unapulumuka m'manja mwake nugubuduzika kulowa mu ukonde. Ireland inagonja 2 kwa 0 nibwerera kwawo.

Pamenepa panalibe wina womuloza cala. Sipanali mphepo, sipanali womukankha, mpira sunakhudze munthu panjira. Anthu mamiliyoni anaona pa wailesi yakanema, ndipo anaonetsedwa mobwerezabwereza. Wosewera wakutsogolo akalakwa amathamangira kwina, khamu nilimuiwala. Goloboyi alibe kothawira. Ayenera kutembenuka, kulowa mu ukonde, kutola mpira ndi manja omwe aphonyawo, ndi kuimanso pamalo pomwepo mpaka woimbira ataliza wezulo yotsiriza. Bonner anaima pamenepo cigawo conse caciwiri.

Kubwerera ku Hampden

Munthu wa zaka 34, wocotsedwa pa timu yake ndi wocita manyazi pamaso pa dziko, akanatha kupacika magolovesi. Ambiri akanamumvetsa. Iye anali atagwirizana kale ndi mnzake wakale Tommy Burns kuti akasewere ku Kilmarnock, kumene Burns anali mphunzitsi. Koma mu July 1994 momwemo Burns anaitanidwa kukhala mphunzitsi wa Celtic, ndipo anabwerera naye Bonner ku timu imene inali itangomtaya. Burns anasewera naye zaka zoposa 10, ndipo ankamuyesa ndi zaka zonsezo, osati ndi mphindi imodzi ya ku Orlando.

Bonner analimbikira nabwereranso pagolo. Pa 27 May, 1995, Celtic inakumana ndi Airdrie m'masewera otsiriza a Scottish Cup, pa bwalo lomwe lija la Hampden pamene mapenate 9 anamdutsa zaka 5 m'mbuyomo. Pierre van Hooijdonk anamwetsa ndi mutu, Bonner sanalole cigoli, ndipo Celtic inanyamula cikho cake coyamba cicokere 1989. Amenewa ndiwo anali masewera ake otsiriza m'timu yaikulu ya Celtic, atasewera oposa 640. Dziko lake analisewerera masewera 80, otsiriza mu 1996.

Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wa agoloboyi, ndipo mu 2003 anapatsidwa udindo woyang'anira za maphunziro a mpira m'bungwe la mpira la Ireland. Wagwiranso nchito ndi bungwe la UEFA pophunzitsa aphunzitsi a agoloboyi. Mu 2015 anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake lochedwa The Last Line. Ndipo amene anadzakhazikika pagolo la Ireland pambuyo pake, nasewera masewera 134, anali mwana winanso wa ku Donegal, Shay Given, amene anali ndi zaka 14 pa tsiku la ku Genoa, ndipo nayenso anayambira ku Celtic.

Tsono ife titengepo ciani?

Tikayang'ana moyo umenewu tiona kuti goloboyi wa ku Hampden mu 1990, wa ku Genoa, wa ku Orlando ndi wa ku Hampden mu 1995 ndi munthu mmodzi, wa manja omwewo ndi khama lomwelo. Amene anamuyesa mpulumutsi wa dziko pa 25 June analakwa pang'ono, pakuti penate imodzi ikanatha kumdutsa monga zinamdutsira zina zija. Amene anamuyesa wotha nchito pa 4 July analakwa kwambiri. Coona ca munthuyu cili m'masewera oposa 700 amene ambiri a iwo palibe akuwakumbukira, m'mawa uliwonse wa mvula ndi matope pamene ankadziponya pansi pa bwalo la zokonzekera popanda womuombera m'manja.

M'mabanja mwathu muli agoloboyi ambiri, ngakhale sanavalepo magolovesi. Ndi aja amene nchito yawo imaoneka pokhapokha italakwika: mai amene waphika bwino masiku 300 koma akumbutsidwa za tsiku limene ndiwo zinapserera, msungacuma wa mphakati amene wasunga bwino ndalama zaka zambiri koma wasokoneza masamu kamodzi, mwana amene wakhoza mayeso onse kufikira tsiku limene walephera amodzi. Timafulumira kuwachula ndi dzina la colakwa cawo, ndipo ena mwa iwo sabwereranso pamalo pawo. Amatula udindo, amasiya sukulu, amangokhala cete m'nyumba. Pamenepo timataya munthu amene tinali kumdalira, cifukwa ca mpira umodzi.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi amene mumaima m'mbali mwa bwalo, pempho lathu ndi ili. Mwana wa pagolo akaphonya, musadikire kuti masewera athe anzake atamaliza kumunyoza. Muitaneni ndi dzina lake pomwepo, amve kuti alipo wina amene waona mipira ina ija imene anagwira. Pambuyo pake khalani naye pansi monga anacitira Peyton, muone pamodzi cimene cinalakwika, pakuti kumtonthoza kokha popanda kumphunzitsa ndi kumsiya kuti adzaphonyenso. Ndipo Lamulungu lotsatira mumuikenso pagolo, monga anacitira Burns.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwakankhidwira pagolo cifukwa ndinu aang'ono, dziwani kuti mpira udzakupulumukani tsiku lina, anthu akuona. Unampulumuka Bonner ali ndi zaka 34, pa mpikisano wake waukulu wacitatu. Zikadzatero, lowani mu ukonde, tolani mpirawo, muuponye pakati pa bwalo, ndipo mubwerere pamzere wanu. Madzi akatayika saoleka, koma masewera amakhala asanathe.